Za Nthenda za Okalamba

Kunsi kwa mapiri a Mchinji, kumene Malawi achita malire ndi Zambia, kuli midzi yambiri ya Achewa ndi Angoni. Kale boma lake linkatchedwa Fort Manning. Masiku amenewo nkhalamba zinali zowerengeka, pakuti nthomba, malungo ndi njala zinkatenga anthu asanamere imvi. Makono anthu akhala zaka zochuluka, ndipo palibe mudzi wopanda agogo oyenda ndi ndodo.

Ukalamba uli ndi nthenda zake. Ina ndiyo kuthamanga kwa magazi. Poyamba siipweteka konse: munthu alima, adya, aseka, kufikira tsiku lina agwa, nafa ziwalo mbali imodzi. Pamenepo anthu ayamba kunong'onezana za ufiti, ndipo kawirikawiri aloza chala nkhalamba inzake yosalakwa. Chonsecho dokotala akadaizindikira nthendayo kale ndi kalamba komanga pamkono, nampatsa mapiritsi akumwa tsiku ndi tsiku.

Inanso ndiyo ng'ala. Diso lichita ngati chifunga, ndipo gogo aleka kupita kumunda, nangokhala pakhonde. Abale ati, "Ndi ukalamba basi." Si choncho ayi. Madokotala a maso, monga a ku Nkhoma, achotsa ng'ala m'kanthawi kochepa, ndipo munthu amene anali kutsogozedwa ndi mdzukulu aonanso njira yekha.

Chovuta chachikulu ndi mtunda. Zipatala zilipo pa boma, ku Kapiri ndi ku Guilleme, koma mawondo a nkhalamba safika kutali, ndipo wanjinga afuna ndalama. Agogo ambiri analeranso adzukulu amasiye amene makolo awo anafa ndi Edzi, kotero kuti kandalama kalikonse kanathera pa ufa. Chaka cha 2006 Boma linayamba kupatsa mabanja osaukitsitsa ndalama za Mtukula Pakhomo, ndipo linayambira m'Mchinji momwemo lisanafike kumaboma ena. Chaka cha 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba.

Koma lamulo silidziwa kuwerenga kabuku ka kuchipatala kamene gogo asunga m'chitini. Mwana wa sukulu ndiye adziwa. Iye aona tsiku limene dokotala analemba kuti gogo abwerenso, awerenga mapiritsi otsala, nauza akulu asanathe. Tsikulo likafika, akumbutsa amalume kuti apope njinga m'mamawa, dzuwa lisanatenthe.