Mankhwala Opha Tizilombo M'manja pa Ulendo: Kapangidwe ndi Kagwiritsidwe Ntchito Kake

Mawu Oyamba

Ntchito ya ulimi imayendetsa anthu. Mlangizi amalawira m'mamawa pa njinga ndi kuyendera midzi itatu kapena inayi dzuwa lisanalowe. Wopereka katemera wa chitopa amalowa khola ndi khola, kugwira nkhuku za mabanja ambiri tsiku limodzi. Mlimi wopita kumsika amagwira ndalama, amapatsana moni wa pamanja ndi anthu osawerengeka, kenaka amagula chimanga chootcha ndi kudya ali chiimire. Pa tsiku la chionetsero cha zaulimi anthu ambiri amadyera pamodzi kumunda, kutali ndi mjigo. M'malo onsewa madzi ndi sopo sizipezeka msanga, pomwe manja ndiwo amatenga tizilombo toyambitsa matenda ndi kutifikitsa kukamwa.

Chigawo chino cha Africa chikudziwa bwino kuopsa kwa matenda ofala chifukwa cha uve. Mliri wa kolera umene udabuka ku Zimbabwe m'chaka cha 2008 udapha anthu oposa 4,000. Ku Malawi mliri umene udayamba mu Malichi 2022 udagwira anthu oposa 59,000 ndi kupha oposa 1,700. Ku Zambia mliri wa 2023 mpaka 2024 udakula kufikira bwalo la zamasewero la National Heroes mumzinda wa Lusaka lidasandutsidwa malo ogonekamo odwala. Miliri yotere imakonda kugwa nthawi ya dzinja, pamene manja akufunika kwambiri kumunda, ndipo banja limene lagonetsa wodwala pa nyengo yopalira limakolola zochepa.

Phunziro lino likufotokoza kapangidwe ka mankhwala opaka m'manja amene anthu adazolowera kuwatchula kuti sanitaiza kuyambira nthawi ya mliri wa COVID-19 m'chaka cha 2020. Mfundo yaikulu ndi iyi: mankhwalawa amathandiza pokhapokha mphamvu yake ikakhala yokwanira ndiponso manja akakhala opanda litsiro looneka. Botolo lopangidwa mongoyerekeza limanyenga mwini wake, chifukwa iye amadya molimba mtima pomwe tizilombo tidakali m'manja.

Chimene Chimapha Tizilombo

Mphamvu ya mankhwalawa ili mu ethanol, amene ndi mowa weniweni wotchezedwa bwino m'fakitale. M'chigawo chino ethanol amapangidwa kuchokera ku manyuchi otsala popanga shuga wa nzimbe. Fakitale ya ku Triangle m'dziko la Zimbabwe idayamba ntchitoyi mu 1980, ya ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota mu 1982, ndipo ya ku Chikwawa mu 2004.

Ethanol amaononga khungu la kachilombo ndi kuumitsa zam'kati mwake. Kuti achite zimenezi, ayenera kukhala wosachepera magawo 60 pa magawo 100 aliwonse a mankhwalawo, ndiye kuti 60 peresenti. Akachepera pamenepa, tizilombo tambiri timapulumuka. Komabe ethanol wopanda madzi n'komwe sapambana, chifukwa madzi pang'ono ndiwo amamthandiza kulowa m'kachilombo, ndiponso amamchedwetsa kuuma. N'chifukwa chake bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la World Health Organization, m'malangizo ake a ukhondo wa m'manja a m'chaka cha 2009, lidakhazikitsa muyeso wa 80 peresenti. Muyeso umenewu ndiwo watsatidwa m'phunziro lino.

Zofunika Popanga Lita Imodzi

1. Ethanol wa mphamvu ya 96 peresenti: mamililita 833.
2. Hydrogen peroxide wa mphamvu ya 3 peresenti: mamililita 42.
3. Gilisalini weniweni wa mphamvu ya 98 peresenti: mamililita 15.
4. Madzi owiritsa ndi kuziziritsa: okwanira kudzaza mpaka pa mzere wa lita imodzi.

Gulu lofuna kupanga malita 10 litenge mamililita 8,333 a ethanol, 417 a hydrogen peroxide ndi 145 a gilisalini, ndipo lidzaze ndi madzi mpaka pa mzere wa malita 10. Kumene ethanol sapezeka, isopropyl alcohol wa mphamvu ya 99.8 peresenti angalowe m'malo mwake, koma muyeso wake ndi mamililita 752 pa lita imodzi. Zina zonse sizisintha.

Chilichonse mwa zinthu zimenezi chili ndi ntchito yake. Gilisalini amateteza khungu kuti lisaume ndi kung'ambika, popeza khungu long'ambika limasunga tizilombo ndipo limawawa, kotero kuti munthu amaleka kupaka mankhwalawo. Gilisalini akachuluka, manja amamata ndi kukoka fumbi. Gilisalini wodzola wa m'magolosale nthawi zina amakhala wosakaniza ndi madzi kapena zonunkhiritsa, choncho woyenera ndi wogula kusitolo ya mankhwala. Hydrogen peroxide ntchito yake si ya pamanja ayi. Amapha njere zouma za tizilombo zimene zingakhale m'botolo kapena m'zosakanizazo.

Zipangizo zofunika ndi izi: botolo kapena chigubu choyera chokhala ndi chotsekera cholimba, jagi yokhala ndi mizere ya muyeso, sirinji yatsopano yopanda singano yoyezera zinthu zochepa, fanulo, ndi timabotolo tating'ono tonyamula m'thumba. Malo a kafukufuku amene ali ndi kachipangizo koyezera mphamvu ya mowa akagwiritse ntchito poyesa ethanol asanasakanize ndiponso atasakaniza. Chigubu chimene chidasungapo mankhwala ophera mbozi, a dipi, petulo kapena palafini chisagwiritsidwe ntchito, ngakhale chitatsukidwa kangati.

Kapangidwe Kake

1. Wopanga asankhe malo amthunzi opita mphepo, kutali ndi moto, mbaula, nyali ya palafini ndi anthu osuta fodya. Asambe m'manja ndi sopo asanayambe.
2. Ayeze lita imodzi ya madzi, awathire m'botolo, alembe mzere pamene madziwo alekeza, kenaka awakhuthule ndi kuumitsa botololo.
3. Athire ethanol m'botolo.
4. Awonjezere hydrogen peroxide.
5. Awonjezere gilisalini. Popeza gilisalini amamatirira m'choyezera, atsukuluze choyezeracho ndi madzi owiritsa pang'ono ndi kuthira madziwo m'botolo momwemo.
6. Adzaze ndi madzi owiritsa ozizira mpaka pa mzere, osapitirira.
7. Atseke msanga kuti ethanol asauluke, ndipo akhutchumule botolo pang'onopang'ono kuti zonse zisakanikirane.
8. Agawe m'timabotolo tating'ono ndi kutseka zolimba.
9. Timabotoloto tikhale maola 72, ndiye kuti masiku atatu, tisanayambe kugwiritsidwa ntchito. Nthawi imeneyi ndiyo imene hydrogen peroxide amagwira ntchito yake.
10. Pa kabotolo kalikonse palembedwe dzina la mankhwala, tsiku lopangira, ndi chenjezo lakuti ndi opaka m'manja basi, si akumwa, amayaka moto, ndipo asungidwe kutali ndi ana.

Ntchito imeneyi imayenda bwino ikachitika pagulu, monga kalabu ya alimi, kopaletivi kapena malo a kafukufuku, mothandizidwa ndi mlangizi wa zaumoyo kapena wodziwa za mankhwala. Gulu limagula ethanol pamodzi kwa ogulitsa ovomerezeka ndipo limagawana mtengo wa zoyezera. Ofuna kupanga ogulitsa ayambe afunsa bungwe loona za miyezo ya katundu m'dziko mwao, monga Malawi Bureau of Standards kapena Zambia Bureau of Standards.

Zolakwa Zinayi Zoyenera Kupewa

Cholakwa choyamba ndi kugwiritsa ntchito kachasu. Mphamvu ya kachasu imasiyana kwa wotcheza aliyense, ndipo ngakhale pa mtsuko umodzi, woyamba kudontha amakhala waukali kuposa womaliza. Palibe angadziwe mphamvu yake polawa kapena pouyatsa. Mowa waukali wa m'mabotolo wa m'sitolo nawonso kawirikawiri umakhala wa 40 peresenti kapena kupitirira pang'ono, ndipo sufika pa muyeso wofunika.

Chachiwiri ndi kugwiritsa ntchito sipiriti wofiirira woyatsira moto kapena ethanol wothira m'galimoto. Sipiriti wotere amathiridwa dala zinthu zoipa kuti anthu asamwe, ndipo kawirikawiri chimodzi mwa izo ndi methanol, poizoni amene amachititsa khungu ndi kupha. M'chaka cha 2020 ku United States anthu ena adamwalira ndipo ena adaonongeka maso atamwa mankhwala opaka m'manja amene munali methanol. Ethanol wa galimoto amakhala wosakaniza ndi petulo, choncho sayenera pakhungu.

Chachitatu ndi kuchulukitsa mankhwala ndi madzi. Lita imodzi ya mankhwala a 80 peresenti ikathiridwa lita ina ya madzi, pamakhala malita awiri a 40 peresenti, amene fungo lake ndi lomwelo koma sateteza. Chimodzimodzi botolo losiyidwa chitsekulire limataya ethanol ndi kutsala ndi madzi.

Chachinayi ndi kuwonjezera zonunkhiritsa, madzi a mandimu, utomoni wa masamba kapena utoto. Zimenezi zimachepetsa mphamvu, zingayabwitse khungu, ndipo fungo lokoma lingakope mwana kuti amwe. Mwana akamwa mankhwalawa apite naye kuchipatala msanga pamodzi ndi botolo lake.

Kagwiritsidwe Ntchito

Munthu athire mankhwala okwanira kunyowetsa manja onse awiri. Afikise zikhatho, kuseri kwa manja, pakati pa zala, zala zazikulu, ndi nsonga za zala kumene zikhadabo zimabisa litsiro. Apitirize kwa masekondi 20 mpaka 30 kufikira manja atauma okha. Asapukute ndi nsalu kapena malaya. Manja akauma m'masekondi ochepa chabe, ndiye kuti mankhwala adachepa. Asayandikire moto kapena kuyatsa machesi manja asanaume.

Nthawi zoyenera kupaka ndi munthu asanadye kapena kugawa chakudya pa ulendo, atatsika basi kapena bwato, atawerenga ndalama, atayetsemula, ndiponso pochoka pakhomo pena kupita pena. Wopereka katemera wa chitopa wodontheza m'diso adikire kuti manja aume asanagwire kabotolo ka katemera, chifukwa katemerayo ndi wamoyo ndipo ethanol angamuononge. Akumbukirenso kuti chitopa chimayenda ndi nsapato, zovala ndi madengu, osati manja okha. Kabotolo ka mankhwala kasungidwe m'thumba, kasasiyidwe padzuwa kapena m'galimoto yotseka.

Pamene Mankhwalawa Sathandiza

Apa ndipo mlimi ayenera kutchera khutu, chifukwa manja a kumunda amasiyana ndi manja a mu ofesi. Dothi, ndowe, magazi, mafuta ndi mamba a nsomba zimaphimba tizilombo kotero kuti ethanol satifikira. Manja otere ayenera kusambidwa ndi sopo ndi madzi oyenda kwa masekondi 40 mpaka 60.

Ethanol sachotsa mankhwala ophera mbozi, a dipi kapena othira m'chimanga chosunga. Wopopera thonje kapena ndiwo zamasamba akapaka sanitaiza amangomwaza poizoni pakhungu. Iye ayenera kusamba ndi sopo ndi madzi ambiri asanadye, asanamwe kapena kusuta.

Palinso tizilombo tina timene ethanol satipha. Njere zouma za kachilombo ka anthrax ndi zina mwa izo. Matendawa adagwira anthu ambiri ku Zambia mu 2023, makamaka m'boma la Sinazongwe, ndipo amafala pogwira, posenda kapena podya nyama ya chiweto chofa chokha. Chiweto chotere chisagwidwe, koma mlangizi wa ziweto adziwitsidwe msanga. Kachilombo ka Cryptosporidium, kamene kamatsekula m'mimba ana a ng'ombe ndi anthu omwe, nakonso sikafa ndi ethanol, chimodzimodzi mazira a njoka za m'mimba. Choncho wochokera kuchimbudzi, wosamalira mwana wa ng'ombe wodwala ndi wokama mkaka asambe ndi sopo.

Pa nkhani ya kolera, ethanol amapha kachilombo kake m'manja oyera, koma matendawa amafala kwambiri kudzera m'madzi akumwa ndi chakudya. Kabotolo ka m'thumba sikayeretsa madzi a pachitsime. Madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe kolorini monga mwa malangizo a zaumoyo.

Pa chifukwa chimenechi okonza chionetsero, maphunziro a alimi kapena msika wa ziweto asadalire sanitaiza yekha. Aimike mpondagiya, kachigubu kopachika pamtengo kamene kamapendekeka munthu akaponda kamtengo kapansi, ndipo apachike sopo pambali pake. Chipangizochi chidayambira ku Zimbabwe m'zaka za m'ma 1980, kumene poyamba chinkapangidwa ndi chipanda. Chimasunga madzi ndipo wosamba sagwira chigubu ndi manja akuda. Sopo akasowa, phulusa loyera la pamoto ndi madzi oyenda ndi bwino kusiyana ndi madzi okha. Mchitidwe wosambira m'beseni limodzi anthu onse asanadye uyenera kulekeka. Madzi azithiridwa pamanja pa munthu aliyense payekha.

Mafunso Okambirana Pagulu

1. Kodi ethanol ayenera kukhala wosachepera magawo angati pa 100 kuti aphe tizilombo?
2. N'chifukwa chiyani kachasu ndi sipiriti wofiirira siziyenera kulowa m'mankhwala opaka m'manja?
3. Gulu likufuna kupanga malita 5. Kodi litenge ethanol, hydrogen peroxide ndi gilisalini wochuluka bwanji?
4. Mlimi wamaliza kupopera tomato ndipo ali ndi kabotolo ka sanitaiza koma alibe sopo pafupi. Kodi achite chiyani asanadye?
5. Kodi ndi malo ati m'dera lino amene anthu amadyera pamodzi popanda posamba m'manja, ndipo ndani angaimikepo mpondagiya?