Chionetsero cha zojambula ku Dzaleka: konzerani mnansi, mlendo wa ku tauni apeza zokonzeka

Amene akufuna kukonza chionetsero cha zojambula ku Dzaleka ayambe wadzifunsa kuti akukonzera ndani. Ambiri amayankha mwachangu kuti akukonzera akazembe, akuluakulu a mabungwe ndi alendo a ku Lilongwe, poti ndiwo ali ndi ndalama zogulira zithunzi. Ine ndikuona kuti woonera woyamba ayenera kukhala munthu wa m'midzi yozungulira msasawu, mayi amene amabwera ndi tomato kumsika wa Lachiwiri, mnyamata wa kabaza, mphunzitsi wa ku Dowa boma. Chifukwa chake n'chosavuta. Malo amene anali ndende ya andale m'nthawi ya Dr Kamuzu Banda anasanduka msasa wa othawa kwawo mu 1994, ndipo anakonzedwera anthu pakati pa 10,000 ndi 12,000. Lero muli anthu oposa 50,000, ochokera makamaka ku Congo, Burundi ndi Rwanda, ena ku Somalia ndi Ethiopia. Mavuto a kuthithikana kotereku, monga nkhuni, madzi, malo olima ndi mpikisano wa malonda, amagwera othawa kwawo ndi eni mudzi, kazembe samukhudza. Chionetsero chokamba za chilungamo, kusamuka ndi chilengedwe chikalephera kukumanitsa magulu awiriwa, chalankhula kwa anthu amene anagwirizana nacho kale asanatsike m'galimoto.

Choncho ntchito yoyamba ndi kusankha komiti, ndipo pano mpamene zambiri zimalakwikira. Ikhale yaing'ono, anthu osapitirira khumi, koma mukhale ojambula a mumsasa a mitundu yosiyana, osati a dziko limodzi lokha, komanso aluso a m'midzi: osema, oluka mphasa ndi madengu, oumba mbiya, amayi okongoletsa makoma. A bungwe lothandiza akhalemo ngati alangizi, mawu omaliza pa zimene zipachikidwe akhale a aluso eni ake. Umboni woti zoyambitsidwa ndi eni msasa zimakhalitsa ulipo pamalo pomwepo. Tumaini Festival inayambitsidwa mu 2014 ndi mlakatuli wa ku Congo, Trésor Nzengu Mpauni, wodziwika kuti Menes la Plume, ndipo yakhala ikukoka anthu zikwizikwi, ena mwa iwo n'kumagona m'makomo a mabanja a mumsasa. Bungwe la There is Hope nalo linayambitsidwa ndi Innocent Magambi, amene anakhala moyo wa wothawa kwawo zaka zambiri, ndipo limathandiza othawa kwawo pamodzi ndi Amalawi a m'deralo. Pitani kwa anthu ngati amenewa musanalembe kalata iliyonse yopempha thandizo, akuuzeni zimene zinayesedwapo kale.

Komiti ikakhazikika, sankhani mutu, ndipo muupanikize. Mutu wakuti "chilengedwe" kapena "ufulu wa anthu" umabala zithunzi za nkhunda, manja ogwirana ndi dziko lolira misozi, zomwe munthu amaziona n'kuiwala asanafike pakhomo. Tengani chinthu chogwirika ndi manja, mwachitsanzo nkhuni. Mtolo wa nkhuni uli ndi nkhani zonse zitatu. Muli chilengedwe, poti mapiri a ku Dowa ayera mbee pamene nkhalango ya Ntchisi ikuonetsa mmene dera lonseli linkaonekera. Muli chilungamo, poti amene amayenda mtunda kukatola nkhuni n'kukumana ndi zoopsa m'njira kawirikawiri ndi mtsikana. Muli kusamuka, poti funso loti mitengo anatha ndani ndi limene limayambitsa mikangano pakati pa msasa ndi midzi. Apa chionetsero chinene zoona mbali zonse: anthu 50,000 ophikira nkhuni ndi makala sangasiye phiri lili chimodzimodzi, komanso zigafa za fodya, uvuni za njerwa ndi matumba a makala opita ku Lilongwe zakhala zikudya mitengo ya m'bomali kwa zaka zambiri. Wojambula wa mumsasa ndi wosema wa m'mudzi akagwira mutu umodziwu, aliyense kuchokera kumene waima, woonera amakakamizika kuona katundu amene mnzake wasenza. Mitu ina ya mtundu womwewu ndi mzere wa zigubu pamjigo, majumbo otsekereza ngalande, kapena chikwama chimene munthu ananyamula pochoka kwawo.

Wina anganene kuti eni mudzi nkhani ya kusamuka siiwakhudza. Imawakhudza, bola muifunse bwino. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 dziko lino linasunga anthu oposa 1 miliyoni othawa nkhondo ku Mozambique. Agogo ambiri anapita ku migodi kudzera ku Wenela ndi Theba, ndipo lero ndi mabanja ochepa amene alibe wachibale ku Joni. Mu 2008 ndi mu 2015, ziwawa zodana ndi alendo zitabuka ku South Africa, Amalawi anabwerera kwawo pamabasi, ena atataya katundu yense. Pemphani mabanja a m'midzi abwereke chionetserocho zinthu za apaulendo awo: sutikesi yachitsulo, bulangete, chiphaso chakale cha ku mgodi. Chiphaso chotere chikaikidwa pambali pa khadi la wothawa kwawo, palibenso chofuna kufotokoza.

Kenaka pakubwera zilolezo, ndipo muyambe miyezi itatu tsiku lisanafike. Msasa uli m'manja mwa boma kudzera ku nthambi yoona za othawa kwawo, mogwirizana ndi UNHCR, choncho kalata yoyamba ipite kwa mkulu woyang'anira msasa, yofotokoza tsiku, malo, mutu ndi alendo oyembekezeka. Atsogoleri a mitundu ndi a mipingo mumsasa auzidwe pamaso. Kwa mafumu musatumize kalata yokha. Pitani nokha, mufikire kwa nyakwawa, iwo akuperekezeni kwa agulupu, ndipo muwapemphe atchule anthu aluso a m'dera lawo. Mfumu imene yaitanidwa kudzangokhala pampando wakutsogolo imabwera yokha, koma imene mwana wa m'mudzi mwake wapachika ntchito imabwera ndi mudzi wonse.

Nkhani yofuna kudekha kwambiri ndi chitetezo cha anthu ooneka m'zithunzi. Othawa kwawo ena anathawa anthu amene akadali kuwafunafuna, ndipo chithunzi chojambulidwa pafoni chimafika ku Goma kapena ku Bujumbura tsiku lomwelo kudzera pa WhatsApp ndi Facebook. Musapachike nkhope ya munthu wodziwika popanda chilolezo chake, ndipo chilolezocho chipemphedwe m'chinenero chimene iye amamva, atauzidwa kuti alendo adzajambulanso chithunzicho n'kuchifalitsa. Kwa mwana, avomere kholo kapena womulera. Wojambula amene safuna dzina lake lenileni aloledwe kulemba lina. Munthu akasintha maganizo mawa lake, chithunzi chitsike popanda kumufunsa chifukwa. Ntchito zokhudza kugwiriridwa ndi kuphedwa kwa anthu ziikidwe pamalo pakepake, pakhomo pakhale wochenjeza, ndipo pafupi pakhale mlangizi wodziwa kuthandiza munthu amene zamudzutsira zakale. Musakakamize waluso kujambula mabala ake pofuna kugwetsa misozi ya alendo. Amene akufuna kujambula mbuzi za kwawo kapena ukwati wa mlongo wake, zimenezonso ndi umboni wa zomwe anasiya.

Ena adzakuchenjezani kuti musakhudze za malamulo, mungaputire aluso mavuto. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, poti munthu wokhala m'dziko la eni amayenda mosamala. Koma malamulowo si chinsinsi. Malawi povomereza pangano la 1951 lokhudza othawa kwawo anakana kumangidwa ndi ndime zina, monga za ufulu woyenda ndi wogwira ntchito, ndipo lamulo lathu la othawa kwawo ndi la 1989. Mu 2023 boma linalamula onse okhala m'matauni abwerere ku Dzaleka, ena n'kutengedwa mokakamiza, kusiya mashopu ndi ana kusiya sukulu. Zimenezi zinalembedwa m'manyuzipepala ndipo zinakambidwa pawailesi. Njira yanzeru ndi kuonetsa zotsatira za lamulo pa moyo wa munthu, monga shopu yotsekedwa ndi loko kapena satifiketi yosungidwa pansi pa matiresi, osatukwana munthu kapena chipani, ndipo komiti yonse isenze udindo wa zopachikidwa kuti mlandu usagwere wojambula mmodzi. Akuluakulu a boma aitanidwe adzaone, asangomva mphekesera.

Za malo ndi nthawi n'zachidule. Sankhani holo, tchalitchi kapena kalasi yoyandikira msika kapena msewu wochokera ku Dowa Turn-off, kumene munthu wa m'mudzi angalowe osachita manyazi, ndipo pakhomo pasakhale polipira. Pewani dzinja chifukwa cha matope ndi ntchito ya kumunda. Pa 20 Juni, tsiku lokumbukira othawa kwawo, pamabwera akuluakulu, koma ku Dowa nthawi imeneyo kumazizira ndipo mphepo imagwetsa chilichonse chosamangidwa. Kutsamira pa masiku a Tumaini kumakupatsani khamu, ngakhale phokoso la magule limatha kumeza zithunzi. Mukatero, chionetsero chipitirire sabata ina alendo atapita, ndipo chipeze Lachiwiri limodzi kapena awiri.

Popachika, makoma a njerwa zosawotcha sagwira misomali bwino, ndiye mangani mafelemu a nsungwi kapena mabulugamu, mukungepo mphasa, zithunzi muzimangirire ndi waya m'makona onse anayi. Pakati pa chithunzi pakhale pamlingo wa maso a munthu wamkulu, pafupifupi mita imodzi ndi theka kuchokera pansi, koma ntchito za ana zitsike kuti anzawo azione osanyamulidwa. Musadalire magetsi, gwiritsani ntchito kuwala kwa mawindo, dzuwa lisamenye penti mwachindunji. Wazani madzi pansi m'mawa kuti fumbi ligone. Penti ndi nsalu zojambulapo n'zodula, koma makatoni, masaka, zidutswa za zitenje, dothi la makande ndi katondo, makala ndi zitini zilipo, ndipo pa mutu wa chilengedwe zimalankhula kuposa zogula m'sitolo. Pansi pa ntchito iliyonse palembedwe mizere iwiri kapena itatu m'mawu a mwini wake, Chichewa pamwamba, kenaka Chiswahili, Chifalansa kapena Chingerezi. Poti si onse amawerenga, phunzitsani achinyamata awiriawiri, wina wa mumsasa wina wa m'mudzi, aziyenda ndi oonera. Ana obadwira ku Dzaleka ambiri amalankhula Chichewa bwino lomwe, ndipo mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa: mafunso amene iwo amafunsa za phiri ndi mitsinje yathu nthawi zina ife tinasiya kudzifunsa. Lengezani pa Yetu Community Radio, m'matchalitchi, m'mizikiti ndi m'masukulu.

Chitsutso cholemera kuposa zonse n'chakuti anthu ali ndi njala, thandizo la WFP lakhala likudulidwa, ndiye kuwononga ndalama pa zithunzi n'kusowa chifundo. Sindikuchipeputsa. Yankho lake lili m'bajeti yanu. Ngati ndalama zambiri zapita ku mahema, ma T-shirt ndi chakudya cha alendo olemekezeka, otsutsawo alondola. Koma ngati zapita kwa aluso, kwa kalipentala wa mafelemu, kwa telala, kwa amayi ophika chapati ndi mandasi pakhomo, chionetsero chasanduka ganyu m'malo amene lamulo limatsekereza anthu ntchito zolembedwa. Lipirani waluso aliyense kanthu chifukwa chopachika, kaya agulitsa kaya ayi. Mtengo atchule mwini wake, ulembedwe poyera, ndipo gawo la komiti ligwirizanidwe kale polemba. Wogula auzidwe kuti wagula chithunzi chokha. Kuchisindikiza pa kalendala kapena m'lipoti la bungwe kumafuna chilolezo china ndi malipiro ena, ndipo a COSOMA angakulangizeni pa zimenezi.

Chionetsero chikatsekedwa ku Dzaleka, chinyamuleni chipite ku sukulu za m'midzi, ku Dowa boma, ku Mponela ndi ku Ntchisi, Lilongwe ibwere pambuyo. Kumbukirani kuti wothawa kwawo amafunika chilolezo kuti atuluke mumsasa, choncho pemphani makalata a aluso onse nthawi imodzi, mayina ndi masiku zitalembedwa, kuti zithunzi zisayende zokha eni ake atatsala. Kulikonse mufike, patulani ola limodzi loti oonera akhale pansi ndi aluso, pakhale womasulira, ndipo mlembi alembe madandaulo ndi malonjezo onse, makamaka okhudza nkhuni ndi mijigo. Kope limenelo lipite kwa mfumu, kwa woyang'anira msasa ndi ku khonsolo ya boma pasanathe mwezi, ndipo ntchito zosagulidwa zibwezedwe kwa eni ake zitakulungidwa bwino, aliyense asainire kuti walandira.