Chiwombankhanga cha Roma chomwe chinali cha Kaunda

Mlamu wanga amakhoma mipando m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata ku Kalingalinga. Si munthu wopusa ayi, n'chifukwa chake nkhaniyi imandipweteka.

Tsiku lina kunafika bambo wovala jekete, n'kumasula kansanza. Munali makobidi atatu a mkuwa okutidwa ndi dzimbiri lobiriwira. Pa limodzi pankaoneka mapiko a chiwombankhanga, kuseri kwake mutu wa munthu wosazindikirika.

"Achimwene, izi ndi ndalama za mafumu a ku Roma. Ine ndili ndi maliro, ndikungofuna yokwerera basi."

Mlamu anakana. Koma m'mawa mwake kunabwera wina, akuti amagulira azungu zinthu zakale, ndipo anatchula mtengo wa makobidi a ku Roma wokwana kugula puloti. Mlamu anamuitanitsa wa jekete uja, n'kumupatsa ndalama zonse zachilimba zomwe mkazi wake anali atangolandira. Pofika madzulo mafoni a anthu awiri aja anali ozima.

Mkazi wakeyo, yemwe ndi mlongo wanga, anawakwecha makobidiwo ndi ndimu ndi phulusa. Nkhope itatuluka, aliyense pakhomopo anaidziwa: Kenneth Kaunda. Anali ma 2 ngwee a mkuwa, omwe anayamba kuyenda mu 1968 pomwe kwacha inalowa m'malo mwa paundi, ndipo chiwombankhangacho n'chathu chomwe chino.

Chomwe ndikufuna mumve n'chakuti ngakhale akanakhala a ku Roma enieni, puloti sakanaigula. Ku Roma wakale kunalibe wailesi kapena nyuzipepala, choncho mfumu inkadziwika kwa anthu ake kudzera pa ndalama. Julius Caesar anaika nkhope yake pa ndalama mu 44 BC akadali moyo, ndipo olowa m'malo mwake sanalekenso. Mfumu Constantine, yemwe anamwalira mu 337, ankasulitsa timakobidi ta mkuwa ku London, Trier, Alexandria ndi m'mizinda ina yambiri, tochuluka ngati mchenga, chifukwa ndito anthu wamba ankagulira buledi. Mu 2010 munthu wina anapeza mtsuko pafupi ndi Frome ku England, momwe munali makobidi achiroma oposa 52,000. Makobidi wamba otere amagulitsidwa motchipa mpaka lero.

Mwezi umenewo ana a mlongo wanga anadya ndiwo zamasamba zokhazokha, ndipo mlamu akubwezabe ngongole yamatabwa. Inu a ku Mtendere, Chawama ndi Matero, wina akakumasulirani kansanza kotere, musatulutse ngwee musanaonetse munthu wodziwa.