Mabanzi akumabwezedwa, nditani?

FUNSO: Alangizi, ndili ndi kabekale ku Ndirande. Masiku ena mabanzi amatuluka osapsa mkati, makasitomala n'kumabweza. Antchito ndawakalipira mpaka kutopa. Nditani?

YANKHO: Mayi, kukalipa kulekeni kaye, gwero la vutoli simunalipeze. Gulani kope. Tsiku lililonse muzilemba komwe mwagula ufa, mphindi zomwe mabanzi akhala mu uvuni, amene waphika, ndi mabanzi angati abwezedwa. Pakatha milungu 4, manambalawo adzaloza pomwe pakulakwika. Mwina ndi ufa, mwinanso nkhuni zaziwisi. Sinthani chinthu chimodzi chokha, muwerengenso. Kuwongolera ntchito ndi manambala ndi kumene katswiri wina, W. Edwards Deming, anaphunzitsa makampani a ku Japan mu 1950. Zikapanda kusintha, itanani mmisiri adzaone uvuniwo.