Mbewu Imene Imawerenga Usiku

Amene munalimapo nandolo wamakolo mukudziwa khalidwe lake. Wina amabzala ndi mvula yoyamba, mnzake amachedwa mpaka Khirisimasi itadutsa. Koma ikafika nyengo yozizira, minda yonse iwiri imachita maluwa pafupifupi nthawi imodzi, ngati inapangana. Nandolo wobzalidwa msanga uja amakhala wamtali, wochedwa uja wamfupi, koma maluwa amatulukira limodzi. Kodi amauza nandolo ndani kuti nthawi yakwana?

Amamuuza ndi usiku. Pali mbewu zina zimene masamba ake amazindikira kutalika kwa mdima. Usiku ukakhala waufupi, mbewuyo imangokula thunthu, nthambi ndi masamba. Usiku ukayamba kutalika, imasiya kukwera n'kuyamba maluwa. Soya ndi mapira ena amakolo amatero. Chamba nachonso chimatero, ndipo phunziro lathu lero lili pa mbewu imeneyi.

Lamulo likuti chiyani

Tisanalowe m'munda, timvetsetsane. M'chaka cha 2015, phungu wa kumpoto kwa Ntchisi, a Boniface Kadzamira, anapempha Nyumba ya Malamulo kuti iganizire zolola ulimi wa chamba chosaledzeretsa. Nthawi yomweyo akatswiri anayamba kuyesa mitundu ya mbewuyi ku Chitedze, pafupi ndi Lilongwe. Mu Febuluwale 2020 aphungu anavomereza lamulo lolola kulima chamba chopangira mankhwala ndi chamba cha m'mafakitale, chimene chimapereka ulusi wa nsalu ndi zingwe, komanso njere zoyengera mafuta. Panakhazikitsidwanso bungwe la Cannabis Regulatory Authority, lopereka ziphaso.

Lamulolo silinalole kusuta chamba. Silinalolenso munthu kubzala kuseri kwa nyumba popanda chiphaso. Wochita zimenezi amangidwa lero ngati mmene ankamangidwira kale. Chiphaso n'chodula, n'chifukwa chake alimi ang'onoang'ono amalowa ulimiwu kudzera m'makopaletivi. Zonse zimene tikambe pano ndi za mlimi amene ali ndi chilolezo cha boma.

Mmene chinsinsi cha usiku chinadziwikira

Cha m'ma 1912, mnyamata wina wa ku France, Julien Tournois, ankayesa mbewu ya chamba mumzinda wa Paris. Mitengo ina ankaivundikira dzuwa lisanalowe, kuti tsiku lake lifupike. Yovundikiridwayo inachita maluwa msanga kuposa inzake. Mu 1920, akatswiri awiri a ku America, Garner ndi Allard, anapeza zomwezo pa fodya wotchedwa Maryland Mammoth. Fodyayu ankangokula, kukula, osatulutsa maluwa mpaka chisanu chimupeze. Iwo atayamba kumulowetsa m'nyumba yamdima masana aliwonse, anachita maluwa. Pambuyo pake ena anadzatsimikiza kuti chimene mbewu imawerenga ndi mdima wosadukiza. Ngakhale babu loyaka pakati pa usiku pafupi ndi munda likhoza kuisokoneza.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Kutalika kwa usana ndi usiku sikufanana pa dziko lonse. Ku Lilongwe, tsiku lalitali kwambiri limakhala mu Disembala, ndipo dzuwa limawala pafupifupi maola 13. Tsiku lalifupi limakhala mu Juni, maola 11 ndi mphindi pafupifupi 20. Kusiyana kwake sikufika maola awiri. Ku Paris, mu Juni, dzuwa limakhala kunja maola 16. Ku Helsinki, m'dziko la Finland, limafika pafupifupi maola 19. Munthu amakagona kunja kukuwala.

Mitundu yambiri ya chamba cha m'mafakitale inasankhidwira maiko otere. Kumeneko imabzalidwa masiku akutalika, n'kukula miyezi ingapo mpaka mamita atatu kapena anayi. Imadikira kuti usana utsike kufika pa maola 14 kapena 15 kuti iyambe maluwa. Ganizani tsono mbewu yomweyo itabwera kuno. Kwathu kuno kulibe tsiku la maola 14 ndi limodzi lomwe. Mbewu ija ikangomera, imapeza usiku uli wautali kale. Imayesa kuti chaka chatha, chisanu chayandikira, ndiye imathamangira kubereka. Pakangopita masabata ochepa maluwa atuluka, mtengo uli wolekeza m'mawondo. Mlimi amene amayembekezera ulusi wa mamita atatu amagwira njakata. Akhoza kunena feteleza, akhoza kunena dothi, mwinanso kuganizira anthu oyandikana nawo munda. Chonsecho vuto linabwera m'thumba la mbewu.

Chamba chamakolo, ngati chija chodziwika cha ku Nkhotakota, chinazolowera usiku wakuno kwa mibadwo yambiri. Sichifulumira. Koma chili ndi mankhwala oledzeretsa ambiri, otchedwa THC. Lamulo lathu limati chamba cha m'mafakitale chisapitirire gawo limodzi pa magawo 100 alionse. Ku America malire ake ndi 0.3 pa magawo 100 alionse. Munda wopitirira malire sugulitsidwa ngati chamba cha m'mafakitale.

Mvula, mphepo ndi mungu

Usiku si wokha umene umalamula. Mizu ya chamba imadana ndi madzi ojejema. Pa dothi la makande losunga madzi, mbewu zazing'ono zimachita chikasu n'kufota. Maluwa ake ndi othithikana, ndipo chinyezi chikalowamo amagwidwa nkhungu yotuwa, n'kuolera m'kati kunja akuoneka abwinobwino. Choncho munda wa ku Mulanje kapena ku Thyolo, kumene chiperoni chimatha masiku chikunyowetsa masamba, uli ndi mavuto ena. Wa ku Nsanje, kumene dzuwa limaswa mtengo, uli ndi ena. Wa ku Dedza kozizira ulinso ndi ake.

Chinanso n'chakuti chamba chili ngati papaya: pali mtengo wamwamuna ndi wamkazi. Wamwamuna amatulutsa mungu wopepuka ngati fumbi, umene mphepo imaunyamula makilomita angapo. Wolima njere amaufuna mungu. Wolima maluwa a mankhwala saufuna m'pang'ono pomwe, chifukwa duwa likangolandira mungu limaika mphamvu zake ku njere. Ndipo mungu wa chamba chamakolo ukagwera m'munda wa chamba chosaledzeretsa, njere zimene mungasunge kuti mudzabzale chaka chamawa zikhoza kudzabala mbewu zopitirira malire a boma.

Alimi ngati ofufuza

Ndiye tingadziwe bwanji mtundu woyenera dera lililonse? Chitedze ndi malo amodzi, okhala ndi dothi lake ndi mvula yake. Zimene zachita bwino ku Chitedze sizingatiuze zonse za ku Karonga kapena ku Chikwawa. Akatswiri ndi ochepa, minda ndi yambiri. Njira yake ndi yakuti alimi eniake aziyesa, aziyeza ndi kulemba, kenaka zolembazo n'kuzisonkhanitsa pamodzi.

Njirayi si yachilendo kwathu kuno. M'zaka za m'ma 1990, katswiri wa nthaka, mayi Sieglinde Snapp, pogwira ntchito ndi alimi a m'Malawi muno, anakonza kayesedwe kotchedwa munda wa mayi ndi ana. Pakati pa mudzi pamakhala munda umodzi waukulu, mayi, mmene mumayesedwa mitundu yonse. Alimi ambiri amatengako mitundu iwiri kapena itatu n'kukaibzala kwawo. Timinda timeneti ndiye ana. Mayi amaonetsa zimene mbewu ingachite ikasamalidwa ndi akatswiri. Ana amaonetsa zimene imachita m'manja mwa mlimi, pa dothi lake, ndi khasu lake. Njirayi inayamba ndi mbewu za mtundu wa nyemba zobwezeretsa chonde m'nthaka, ndipo lero ikugwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri.

Palinso njira ina imene inayesedwa ndi alimi zikwizikwi ku Ethiopia, India ndi Nicaragua pa tirigu ndi nyemba. Mlimi aliyense amalandira timapaketi titatu tolembedwa A, B ndi C, osauzidwa maina a mbewuzo. Iye amangonena kuti yapambana ndi iti, yalephera ndi iti. Mayankho a alimi onse akaikidwa mu kompyuta pamodzi ndi mbiri ya mvula ndi kutentha kwa dera lililonse, zimaoneka kuti mtundu uti umakonda malo otentha, uti ozizira. Kubisa maina kuli ndi nzeru yake: munthu akamva dzina lotchuka, maso ake amaona zabwino zokhazokha.

Pa chamba chenichenicho, alimi a ku America anachita zofanana. Dziko lawo litalola ulimi wa chamba chosaledzeretsa mu 2018, ambiri anagula mbewu osadziwa kuti ichita bwanji m'dera lawo. Mu 2020 masukulu aukachenjede a m'zigawo za Illinois, Wisconsin, Michigan ndi Indiana anayambitsa kaundula wotchedwa Midwestern Hemp Database. Mlimi ankanena mtundu umene wabzala, tsiku lobzala ndi tsiku la maluwa, n'kutumiza maluwa pang'ono kuti akayezedwe. Zotsatira zinkaikidwa poyera pa intaneti. Pamenepo alimi anaona okha mitundu imene inkapitirira malire a THC, ndiponso kuti mankhwalawa amachuluka maluwa akamakhwima, moti wochedwa kukolola akhoza kutaya munda wonse. Zimene akanaphunzira mlimi mmodzi m'zaka khumi, gulu linaphunzira m'nyengo zochepa.

Kope, cholembera ndi ndodo

Zida za kafukufuku wotere si zodula. Pamafunika kope, cholembera, ndodo yolembedwa masentimita, ndi chitini choongoka m'mbali, chopanda khosi, choyezera mvula. Chitinicho chikhale pamtetete, kutali ndi mitengo ndi denga. M'mawa uliwonse, pa ola lomwelomwelo, muviikamo rula, kuwerenga mamilimita, kulemba, n'kutaya madziwo. Milimita imodzi m'chitini ikutanthauza lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi.

Tiyerekeze tsamba la m'kope la mayi wina wa m'kopaletivi. Pamwamba alemba dzina la mudzi ndi mtundu wa dothi: katondo. M'munsi mwake muli mizere yotere:

12 Disembala. Ndabzala A, B ndi C, njere 100 mtundu uliwonse.
19 Disembala. A zamera 84, B 61, C 90.
9 Januwale. B wayamba maluwa. Kutalika masentimita 38.
15 Januwale. Mvula mamilimita 52. Madzi aima m'mizere ya C.

Onani mzere wachitatuwo. Mawu ake ndi ochepa, koma mlangizi akauwerenga adziwa nthawi yomweyo kuti B ndi mbewu ya maiko a masiku aatali. Akapeza mzere wofanana m'makope a ku Mchinji, ku Rumphi ndi ku Balaka, nkhani yatha: B si wakuno. Koma C akafa m'minda ya makande mokha, n'kuchita bwino pa katondo ndi pa mchenga, ndiye kuti mbewuyo ilibe mlandu, yangofuna malo ake.

Kuti makope agwirizane, onse ayenera kuyeza mofanana. Gulu lipangane kuti tsiku la maluwa ndi liti: kodi ndi pamene mtengo woyamba watulutsa duwa, kapena pamene theka la mitengo latero? Ambiri amatenga theka. Poyeza kutalika, musasankhe mitengo yokongola yokha. Sankhani khumi mbewu zikadali zazing'ono, muimange kansalu, n'kumayeza yomweyo sabata ndi sabata. Mitundu itatuyo ilandire feteleza wofanana ndi kupaliridwa tsiku limodzi. Mukakondera umodzi, mwayesa chikondi chanu, osati mbewu.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimachinena mobwerezabwereza m'kalasi, chifukwa ndi pamene ambirife timagwera. Lembani ndi zolephera zomwe. Munda ukakanika timachita manyazi, timafuna kung'amba tsambalo. Musang'ambe. Tsamba la munda wolephera ndi limene lidzapulumutse mnzanu amene akufuna kugulitsa mbuzi kuti agule mbewu yomweyo. Akulu anati safunsa anadya phula, koma wofunsayo amafuna womuyankha zoona. Ndipo lembani tsiku lomwelo. Zolemba za pamtima, pakatha sabata, zimasanduka nthano: mvula ya Lachiwiri imakhala ya Lachisanu.

Kuyeza THC kokha ndiko sikutheka pamudzi. Diso, mphuno ndi lilime sizingakuuzeni. Pamafunika makina a akatswiri, ndipo kutumiza maluwa kokayezetsa kumadzera kwa alangizi ndi bungwe lopereka ziphaso. Wogulitsa mbewu akabwera ndi malonjezo, mufunseni mafunso atatu musanatulutse ndalama: mbewuyi inachokera dziko liti, inayesedwa kuti muno m'Malawi, ndipo inachita maluwa patapita masiku angati?

Ambiri a ife m'kalasi muno tilibe chiphaso cha chamba, ndipo mwina sitidzakhala nacho. Luso ili silisankha mbewu. Yambani ndi nandolo kapena soya amene muli naye. Bzalani mizere iwiri ndi mvula yoyamba, ina iwiri patapita masabata atatu, ndipo mulembe tsiku limene iliyonse ichite maluwa. Kambiranani ndi amene mwakhala naye pafupi: kwanu mvula imayamba liti, dothi lanu ndi lotani, ndi mbewu iti imene munagulapo n'kukukhumudwitsani? Sabata yamawa aliyense abwere ndi kope lake, atalemba kale dzina la mudzi, mtundu wa dothi ndi tsiku la lero pa tsamba loyamba.