Ndalama za Fodya Sizilamula Mwera

Ku Kasungu ndalama imabwera nthawi imodzi ndi mphepo. Misika ya fodya imatsegulidwa cha mu Epulo, ndipo pofika Juni ndi Julayi mabelo amakhala akuchoka m'zigafa za ku Santhe, Chamama, Chulu ndi Mtunthama kulowera ku Chinkhoma kapena ku Kanengo. Miyezi yomweyo ndiyo mwera umafika pachimake. Kumtunda kuno mwera timaudziwa ngati mphepo yozizira, yong'amba milomo ndi kuulutsa fumbi m'minda yokolola kale. Munthu umangovala juzi n'kupitiriza ulendo. Kunyanja nkhani ndi ina. Mphepoyi imachokera kummwera chakum'mawa, n'kuthamanga pamwamba pa nyanja yotalika pafupifupi makilomita 580 popanda phiri kapena mtengo woitchinga, ndipo imautsa mafunde otha kumiza sitima. Choncho mlimi amapeza ndalama yokacheza kunyanja m'nyengo yomwe nyanjayo siifuna chibwana.

Tiyerekeze ndi kalabu ina ya alimi asanu ndi atatu. Chaka chimenecho fodya anayenda bwino, ngongole ya feteleza inadulidwa, ndipo panatsala kangachepe. Pamsonkhano wina tcheyamani anaonetsa anzake zithunzi pafoni: boti loyera la thanga lalitali, madzi obiriwira ngati galasi, alendo atakhala pamwamba akumwa zoziziritsa kukhosi. "Kodi nyanjayi ndi ya azungu okha?" anafunsa. Funsolo linali lomveka, ndipo onse anaombera m'manja. Anasonkha, anabwereka minibasi, anatsika ndi msewu wa M18 wodutsa m'nkhalango ya Nkhotakota, n'kutsata msewu wa m'mbali mwa nyanja mpaka anafika ku Chembe, ku Cape Maclear.

Mtengo anagwirizana pafoni ndi munthu wina amene anati ndi wothandizira mwini boti. Panalibe pepala. Anauzidwa kuti ayambe apereka chikole cha ndalama, chomwe adzabwezeredwe boti likabwera bwinobwino. Palibe anafunsa tanthauzo la bwinobwino ameneyo. Palibenso anafunsa ngati mafuta a injini, malipiro a kaputeni ndi ndalama yolowera m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park zinali mumtengo womwewo. Tcheyamani, amene pamsika wa fodya sankalola kuti belo lake lipite asanaone sikelo ndi tikiti, pa boti anapereka ndalama mongomva mawu.

M'mawa wa ulendo madzi a pagombe anali zii. Kaputeni, mnyamata wa m'mudzi momwemo, anayang'ana mitambo ikuthamanga pamwamba pa mapiri, n'kunena mwaulemu: "Bambo, lero kunja kuli mwera. Pano pakuoneka bata chifukwa mapiri ndi chilumba cha Domwe akutitchinga. Bwanji tingozungulira chilumba cha Thumbi, tisambe, tione nsomba, za kuzilumba za Maleri tione mawa?"

Tcheyamani anaseka. "Mphwanga, ife talipira tsiku la lero. Mawa minibasi ikutidikira. Kapena ukufuna kusunga mafuta a abwana ako?"

Amayi amene anali msungichuma anayesa kulowererapo. "A tcheya, tamverani eni nyanja." Koma anzawo anali atakwera kale, pamodzi ndi makireti a mowa ndi achibale awiri amene anakumana nawo ku Monkey Bay. Boti la anthu asanu ndi atatu linanyamula khumi, osawerengera kaputeni ndi womuthandiza. Majekete oyandamitsa munthu anali osakwanira, ndipo amene analipo anawasandutsa mitsamiro. Kaputeni anaopa kuti akakana, alendo akamuneneza kwa bwana wake kuti wabweza ndalama. Anamasula chingwe.

Poyamba ulendo unakoma kwambiri. Mphepo inali kumbuyo, thanga linafufuma, boti linkathamanga popanda phokoso la injini. Apa ndi pamene pali msampha womwe munthu wa kumtunda saudziwa. Boti la thanga likamayenda ndi mphepo, okwera samva ukali wake, chifukwa akuthawira limodzi nayo. Mtunda womwe wayendedwa mwachisangalalo popita ndi womwewo woti ulimbane nawo pobwerera, ndipo boti la thanga silingalunjike komwe mphepo ikuchokera. Limayenda mokhotakhota, uku kenaka uko, ndipo ulendo umatalika kwambiri.

Atatuluka m'mthunzi wa mapiri, mafunde anayamba kukula. Kaputeni anati atembenuke, ndipo potembenukapo boti linapendekera mbali imodzi monga limachitira boti lililonse la thanga likapingasa mphepo. Alimi anaona ngati likugubuduzika. Anadzuka onse nthawi imodzi, wina kugwira chingwe chosayenera kugwira, wina kukuwa, ndipo mtanda wa m'munsi mwa thanga unadutsa mwamphamvu n'kumenya mlembi wa kalabu paphewa. Thanga linakupiza mpaka linang'ambika m'mbali. Amene anamwa mowa m'mawa anayamba kusanza. Kaputeni analiza injini, koma injini ya boti lotere ndi yaing'ono, yongothandizira potuluka ndi polowa padoko, ndipo mafuta anali a ulendo waufupi. Anaona kuti kulimbana ndi mwera n'kutaya miyoyo. Analola mphepo iwakankhe mpaka anakabisala kuseri kwa chilumba, n'kuponya nangula.

Anagona komweko, ali chinyowere, m'kuzizira kwa Julayi, opanda bulangete, chakudya chitatha. Mafoni ena analowa madzi, ena anatha moto. Kwawo ku Kasungu palibe ankadziwa kumene ali, chifukwa sanauze munthu njira yawo kapena nthawi yobwerera. Mphepo itagwako m'bandakucha, anabwerera pang'onopang'ono. Palibe anamwalira. Koma pagombe panali mwini boti ndi chiwerengero chake: tsiku lachiwiri, kusoketsa thanga, mafuta, ndiponso chikole chonse. Wa minibasi nayenso anafuna za tsiku lomwe anadikira. Ndalama yomwe inatsekera dzenjelo inali ya nazale ya Ogasiti ndi malipiro a antchito. Akale anati fodya ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo.

Cholakwa cha kalabuyi sichinali kufuna kusangalala. Mlimi amene wagwira khasu kuyambira pa nazale mpaka pa jeke ali ndi ufulu wonse wokwera boti la thanga panyanja ya dziko lake. Cholakwa chinali kuganiza kuti wolipira ndiye wolamula. Kumunda zimaterodi: mwabwereka thirakitala, mumauza dalaivala poyambira ndi polekezera. Pamadzi, ndalama imagula malo okhala m'boti ndi luso la kaputeni, basi. Mawu omaliza ndi a kaputeni, ndipo naye amamvera mphepo. Kaputeni wa m'nkhani yathu nayenso analakwa pogonjera alendo. Mukakumana ndi woyendetsa amene akusintha maganizo chifukwa mwakweza mawu kapena mwawonjezera ndalama, tsikani. Amene wakukanizani ulendo ndiye woyenera kumulemba ntchito mawa.

Nyanja ya Malawi inaonetsapo kale kuti siiopa kukula kwa chombo. Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya, yomwe inali yatsopano, inagubuduzika ndi namondwe kufupi ndi Florence Bay, dera lomwe lero timati Chitimba, ndipo anthu 145 anamira. Chikumbutso chawo chili ku Mangochi pafupi ndi nsanja ya wotchi. Ilala, yomwe inayamba kuyenda mu 1951, ndiyo inadzalowa m'malo mwa Vipya. Mu Epulo 2017, nthawi ya Pasaka, boti lodzaza mopitirira muyeso linagubuduzika kufupi ndi Mlowe m'boma la Rumphi, ndipo anthu amene ankachokera kumapemphero anataya miyoyo. Ngakhale kufupi ndi kwathu kuno, mu Epulo 2023, bwato lonyamula anthu opita kumaliro linagubuduzika pamtsinje wa Rusa m'boma la Mchinji. Ngati mtsinje ungachite zimenezo, nanga nyanja yomwe kumpoto kwake ndi yakuya pafupifupi mamita 700?

Anthu odziwa madzi sanyoza mphepo, amaiwerengera. Mpikisano wa maboti a thanga wa pa Nyanja ya Malawi wakhala ukuchitika cha mu Julayi, kuchokera kummwera kulowera kumpoto, ndendende chifukwa mwera umakankhira komweko, ndipo opikisanawo ndi akatswiri oyenda ndi maboti owaperekeza. Zombo za matanga za Jumbe wa ku Nkhotakota, zomwe zinkaoloka nyanja m'zaka za m'ma 1800 pa malonda oipa aja a akapolo ndi minyanga, zinkadikira mphepo yoyenera. Mpaka lero zombo za matanga zoyenda pakati pa Likoma ndi Cobue zimatero. Asodzi amasiyanitsa mwera, mpoto wa nyengo ya mvula ndi vuma wochokera kum'mawa, ndipo akaona zizindikiro amakokera mabwato kumtunda ngakhale kunyumba kulibe ndiwo. Pachilumba cha Mbenji ku Salima, malamulo a Mfumu Makanjira salola mowa n'komwe. Ngati anthu obadwira m'madzi akuchita choncho, mlendo wochokera kuchigwa cha fodya alibe chifukwa chodzionetsera kulimba mtima.

Tsono amene akufuna kubwereka boti la thanga koyamba achite chiyani? Ayambe ndi kusankha nyengo. Mwera umavuta kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, ndipo umayamba kugwa mphamvu nyengo yotentha ikamalowa. Ndalama ikafika mu Juni, palibe lamulo loti idyedwe mu Juni. Isungeni, mumalize za nazale ndi antchito, mupite madzi atadekha. Ngati simungathe kudikira, siyani tsiku limodzi lapadera, kuti kaputeni akati mawa musamve ngati wakuberani. Mverani machenjezo a nthambi yoona za nyengo, omwe amaulutsidwa pawailesi nthawi ya mwera, ndipo mufunsenso asodzi a pagombe pomwe mukunyamukira.

Chachiwiri ndi mapepala. Malamulo a dziko lino a zoyenda pamadzi amafuna kuti boti lonyamula anthu likhale lolembetsedwa ndi loyezedwa ndi nthambi ya boma ya Marine, ndiponso kuti woyendetsa akhale ndi chiphaso. Pemphani kuziona, monga momwe wapolisi amapemphera mapepala a galimoto pamsewu. Funsani chiwerengero cha anthu chomwe botilo limaloledwa, ndipo musawonjezerepo ngakhale mwana. Mgwirizano ulembedwe ndi mwini wake kapena ofesi yake: mtengo, maola, mafuta, chakudya, malipiro a kaputeni, ndalama ya paki, ndi zomwe zichitike ulendo ukalephereka chifukwa cha mphepo. Za chikole zilembedwe momveka, ndipo musananyamuke yenderani boti limodzi ndi mwini wake, mujambule zong'ambika ndi zokalika zomwe zilipo kale, kuopa kudzalipira bala lomwe munalipeza. Musatenge boti lopanda kaputeni chifukwa mwa inu muli wina amene anapalasapo bwato pamtsinje wa Bua. Nkhafi ndi thanga ndi sukulu ziwiri zosiyana.

Chachitatu ndi thupi lanu. Ambiri a ife a kumtunda sitidziwa kusambira, ndipo palibe chamanyazi kunena zimenezo kwa kaputeni. Aliyense akhale ndi jekete yake yoyandamitsa, yomukwana, ataivala ndi kuimanga boti lisanachoke. Pemphani kuti akufotokozereni pokhala, pogwira, ndi nthawi yoweramitsa mutu thanga likamasintha mbali. Boti likapendekeka khalani pansi, chifukwa maboti akuluakulu otere amakhala ndi cholemera kunsi chowabwezera m'malo, ndipo chowopsa kwambiri ndi anthu othamangira mbali imodzi. Mowa udikire pagombe. Nyamulani madzi akumwa, chovala chofunda ndi foni yokulungidwa mupulasitiki. Uzani wina wotsala kumtunda komwe mukupita ndi ola lomwe mubwerere. Musadumphire m'madzi pamathiriro a mitsinje kapena m'mabango, momwe mumakhala ng'ona, mvuu ndi nkhono za likodzo. Ndipo kumbukirani kuti mbali yaikulu ya tsidya la kum'mawa ndi Mozambique ndi Tanzania, kosafikako popanda zikalata.

Ulendo woyamba ukhale waufupi, wa maola ochepa, kufupi ndi gombe. Mukaona kuti mimba ndi mtima zapirira, chaka chamawa mudzapite patali. Nyanja sithawa.

Alimi anzanga a ku Kasungu, pitani kunyanja, kwerani boti la thanga, ana anu akaone nsomba za mbuna ndi nkhwazi ndi maso awo. Koma pitani ndi ndalama yotsala mutalipira antchito ndi kugula zofunika za nyengo ikudzayi, onani mapepala musanapereke chikole, valani jekete, ndipo kaputeni akati lero ayi, yankhani kuti zikomo.