Kano: Mzinda Umene Unakula ndi Malonda Komanso Maphunziro

Tikamaphunzira mbiri ya Chisilamu, maganizo athu amathamangira ku Makkah, Madinah, Baghdad ndi Cairo. Koma mu Africa momwe muno muli mizinda imene yakhala ikumva adhana kwa zaka zoposa 600. M'phunziro lino tiona umodzi mwa mizindayi, Kano, likulu la chigawo cha Kano kumpoto kwa Nigeria. Tifuna tione chimene chinaukweza mzindawu, komanso chimene mlendo angachione akafikako lero.

Chiyambi chake

Kano inayambira pa phiri la Dala, pamene pankakhala anthu osula zitsulo. Buku la mbiri lotchedwa Kano Chronicle, lolembedwa m'Chiarabu, limati mfumu yoyamba inali Bagauda, amene anayamba kulamulira m'chaka cha 999. Mdzukulu wake Gijimasu ndiye anayamba kumanga linga ladothi lozungulira mzinda, ndipo mafumu otsatira ankalikulitsa. Lingali linkateteza nyumba, minda ndi ziweto zomwe, motero adani akazinga mzinda anthu sankafa ndi njala.

Kubwera kwa Chisilamu

Bukuli limafotokozanso kuti m'nthawi ya mfumu Yaji, cha m'ma 1350, kunafika amalonda ndi masheikh a mtundu wa Wangara kuchokera ku Mali. Mfumu inawalandira ndipo inayamba kuswali. Taonani kuti amene anabweretsa katundu ndi omwenso anabweretsa mabuku.

Mfumu imene inausintha kwambiri mzindawu ndi Muhammad Rumfa, amene analamulira kuyambira 1463 mpaka 1499. Iye anakhazikitsa msika wa Kurmi, anamanga nyumba yachifumu ndi kufutukula linga. M'nthawi yakeyo kunabwera sheikh wamkulu, Muhammad al-Maghili wa ku Tlemcen, m'dziko limene lero ndi Algeria. Sheikhyu anamulembera Rumfa kabuku ka malangizo a momwe mfumu yachisilamu iyenera kulamulira: kuweruza mwachilungamo, kusamala chuma cha anthu ndi kumva madandaulo a ofooka. Mfumu yamphamvu chotere inalola kukhala pansi n'kumva za munthu wophunzira.

Ngamira zinkadutsa chipululu cha Sahara zitasenza mchere ndi mikanda, n'kubwerera ndi nsalu ndi zikopa za ku Kano. Tisabise kuti pamsika womwewo pankagulitsidwanso akapolo. Mbiri timaiphunzira yonse, zokoma ndi zowawa zomwe, kuti zowawazo zisabwererenso.

Pofika 1807 otsatira a Sheikh Usman dan Fodio anali atalanda Kano, ndipo wolamulira anayamba kutchedwa Emir. Mu 1903 Angerezi anaugonjetsa mzindawu. Njanji itafika, alimi anayamba kutumiza mtedza kunja, ndipo matumba ake ankasanjidwa milu italiitali yooneka ngati mapiri. Kano inakhala likulu la chigawo chake mu 1967.

Zimene mlendo angaone

Wokwera phiri la Dala amauona mzinda wakale wonse uli pansi pake. Akatsika amafika ku Gidan Rumfa, nyumba yachifumu imene Emir akukhalamobe, ndipo pafupi pake pali mzikiti waukulu wa mzindawu. Nyumba ina yakale, Gidan Makama, inasandutsidwa malo osungirako zinthu zamakedzana. Msika wa Kurmi ukadali wodzaza ndi ogulitsa zikopa, nsalu ndi zosemasema.

Malo opatsa chidwi kwambiri ndi maenje onyikiramo nsalu a ku Kofar Mata, amene mbiri imati anayamba mu 1498. Amisiri amasakaniza madzi, phulusa ndi masamba a chomera chotulutsa utoto wabuluu, n'kudikira kuti zipse. Kenako amaviika nsalu, kuivuula kuti ipitidwe mphepo, n'kuiviikanso, mobwerezabwereza mpaka mtundu utagwira. Luso limeneli mwana amaliphunzira kwa bambo ake.

Mwamwambo, pa Eid zonse ziwiri kumakhala Durbar. Swala ikatha, amuna ambirimbiri okwera akavalo okongoletsedwa amayenda pamdipiti m'misewu kukapereka ulemu kwa Emir.

Phunziro kwa ife

Zambiri mwa izi zili pangozi. Mbali zina za linga zinagumuka ndi mvula, zina anthu anakumbapo dothi kapena kumangapo nyumba. Maenje ambiri a ku Kofar Mata ali gwaa, chifukwa nsalu zotchipa zakunja zadzaza msika ndipo achinyamata sakufunanso ntchitoyi. Chimene chinapirira nkhondo kwa zaka mazanamazana chikutha ndi kusasamala.

Kano inakula chifukwa wamalonda, mmisiri, sheikh ndi mfumu ankadalirana. Nanunso musalekanitse maphunziro a dini ndi a sukulu, kapena kunyoza ntchito yamanja. Zonsezi ndi amana imene Allah adzatifunsa.

Mafunso okambirana m'kalasi

1. Kodi Chisilamu chinafika bwanji ku Kano?
2. Tchulani zinthu zitatu zimene Muhammad Rumfa anachita.
3. N'chifukwa chiyani mtsogoleri amafunika malangizo a anthu ophunzira?
4. Funsani akuluakulu a kwanu: mzikiti wakale kwambiri m'dera lanu unamangidwa liti, ndipo ndani akuusamalira? Mayankho mubwere nawo sabata yamawa, Insha Allah.